Amithenga Osalankhula a Chaka cha 1927

Mu mzinda wa Tokyo, ku dera lotchedwa Asakusabashi, muli kampani yakalekale yopanga zidole, dzina lake Yoshitoku, imene idayamba ntchito yake m'chaka cha 1711. Kwa zaka zambiri tsopano amisiri a pakampani imeneyi akhala akulandira odwala amtundu wina: zidole zokalamba zochokera ku nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku America, zina nkhope zitang'aluka, zina tsitsi litathothoka, zina nsalu zitafwifwa. Mmisiri amakhala nacho chidole chimodzi nthaŵi yaitali, kumata mng'alu umodziumodzi, kufikira chitayambanso kuoneka monga chidaonekera tsiku limene chidanyamuka kwao.

Munthu woganiza bwino angathe kufunsa kuti: pa dziko lodzala ndi njala, matenda ndi nkhondo, n'chifukwa chiyani anthu akuluakulu atayire nthaŵi ndi ndalama pa choseŵeretsa cha ana? Funso limeneli si lachibwana ai, ndipo sitingaliyankhe bwino tisanamve kumene zidolezi zidachokera, amene adaziveka, ndi zimene zidakumana nazo. Tiyeni tsono, aŵerengi okondedwa, tibwerere m'mbuyo zaka pafupifupi 100.

Lamulo limene lidapweteka mtundu wonse

M'chaka cha 1924 nyumba ya malamulo ya ku United States idakhazikitsa lamulo latsopano lokhudza alendo ofuna kudzakhazikika m'dzikomo. Lamulolo lidachepetsa chiŵerengero cha anthu ochokera ku maiko ambiri, koma kwa anthu a ku Japan lidatsekeratu khomo. Pa nthaŵiyo n'kuti Ajapani ambiri atakhazikika kale ku Hawaii ndi ku California, kumene ankalima minda ndi kuchita timalonda, ndipo azungu ena ankaŵaona ngati odzalanda ntchito ndi malo. Ku Japan nkhaniyi idalandiridwa ngati chipongwe chachikulu. Boma la Japan lidali litavomera kale, mu 1907 ndi 1908, kuletsa lokha anthu ake ogwira ntchito zamanja kupita ku America, kotero kuti opita kumeneko adali atachepa kale. Chimene chidaŵaŵa tsono n'chakuti mtundu wonse udauzidwa poyera, kudzera m'lamulo, kuti sukufunika chifukwa cha mtundu wake.

Mmodzi mwa anthu amene adamva ululu wa lamulolo adali mbusa Sidney Gulick, mmishonale wa ku America, amene adabadwa mu 1860 ndipo adagwira ntchito ku Japan zaka 25, kuyambira 1888 mpaka 1913. Adaphunzitsapo pa sukulu yaukachenjede ya Doshisha mu mzinda wa Kyoto, ndipo chinenero ndi miyambo ya Ajapani ankazidziŵa bwino. Atabwerera kwao adalemba mabuku, adalankhula m'misonkhano, adadandaulira andale kuti aleke tsankho, koma zonsezo zidapita pachabe. Ataona kuti akuluakulu mitima yao idauma kale, adatembenukira kwa ana. Maganizo ake adali omwe aja amene makolo athu adaŵamanga m'mwambi wakuti m'mera mpoyamba.

Mu 1926 Gulick ndi anzake a m'bungwe la mipingo ya ku America adakhazikitsa komiti yolimbikitsa ubwenzi pakati pa ana a maiko onse. Iye ankadziŵa kuti pa 3 Malichi chaka chilichonse mabanja a ku Japan amachita chikondwerero chotchedwa Hinamatsuri, pamene amatulutsa zidole zimene akhala akuzisunga mibadwo ndi mibadwo, kuziyalika pa masitepe okuta ndi nsalu yofiira, ndi kufunira ana aakazi moyo wabwino. Anthu olemekeza chidole chotere sakadalephera kumva uthenga wobwera ndi chidole. Motero komiti ija idapempha ana a ku America kuti atumize zidole zokakhala nao pa chikondwerero cha chaka chotsatira.

Singano ndi ulusi

Zidole zambiri zidagulidwa ku mafakitale monga Effanbee, Horsman ndi Averill, pa mtengo wa madola ngati 3 chilichonse. Mitu yake idali youmbidwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, thupi lidali la nsalu, maso ankatseka chidole chikagonekedwa, ndipo m'kati mudali kachipangizo kolira kuti "mama". Koma zovala ndizo zidali ntchito ya manja a opereka. Ana a sukulu, a Sande sukulu, magulu a atsikana ndi amai a m'mipingo adasonkha ndalama, kenaka atsikana ndi amai ao adadula nsalu ndi kusoka madiresi, zipeŵa, makhoti ndi zovala zam'kati. Anyamata adapatsidwa ntchito yosonkhetsa ndalama ndi kugula matikiti. Chidole chilichonse chidapatsidwa dzina, pasipoti yakeyake, tikiti ya sitima, ndiponso kalata yochokera kwa ana amene adachituma.

Nkhani ya kusokayi tisaipeputse. Chidole chogula m'sitolo n'chimodzimodzi ndi zinzake zikwizikwi zotuluka m'chikombole chimodzi. Chimasanduka cha munthu pamene wina wachiyeza, wadula nsalu, wapinda mpendero, walumikiza batani. Ifenso zimenezi tikuzidziŵa: kamtsikana kakatola chitsononkho, n'kuchikulunga m'kansanza ndi kuchibereka kumbuyo, sikachitchulanso chitsononkho, kamati ndi mwana. Komiti ija ikadangofuna kutumiza katundu, ikadatha kuuza mafakitale kuti apakire zidole zovekaveka kale m'sitima. Koma idafuna kuti mwana wa ku America akhale masiku angapo singano ili m'manja, akuganiza za mwana wa ku Japan amene sadamuonepo. Mphatsoyo idayamba kuumba wopereka isanafike kwa wolandira.

Zidole zonse pamodzi zidakwana 12,739. Zidaoloka nyanja ya Pacific m'sitima zingapo, ndipo pa 3 Malichi 1927 mu mzinda wa Tokyo mudachitika mwambo waukulu wozilandira. Unduna wa zamaphunziro udazigaŵa m'sukulu za pulaimale ndi za ana aang'ono m'dziko lonse, ndipo sukulu zidachita miyambo yaoyao, ana akuimba ndi kulandira chidolecho monga alandirira mlendo wolemekezeka. Ajapani adazitcha zidole za maso a buluu, potsata nyimbo ya ana imene Noguchi Ujō adalemba mu 1921, imene idali itatchuka kale.

Kachipande ka therere

Ku Japan ntchito imeneyi adaitsogolera ndi Shibusawa Eiichi, nkhalamba ya zaka 87, munthu amene adathandiza kukhazikitsa mabanki ndi makampani mazanamazana, ndipo nkhope yake ili pa ndalama ya pepala ya 10,000 yen kuyambira 2024. Iyenso lamulo la 1924 lidamupweteka mtima, pakuti adali atatha zaka zambiri akuyesa kuyanjanitsa maiko aŵiriŵa. Kwa iye ndi kwa anthu a kwao, kulandira osabwezera kukadakhala kusoŵa mwambo. Monga tinenera kuno, kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Ana a sukulu oposa mamiliyoni aŵiri adasonkha kandalama ka seni imodzi aliyense, ndipo ndalamazo zidalipira zidole 58 zobwezera.

Zidolezo zidali zoŵerengeka, koma luso lake lidali losayerekezeka. Chilichonse chidali chotalika masentimita ngati 81, msinkhu wa mwana woyamba kumene kuthamanga. Amisiri a ku Tokyo, pansi pa kampani ija ya Yoshitoku, adapanga 51, ndipo a ku Kyoto adapanga 7. Mmodzi mwa amisiriwo, Hirata Gōyō, boma la Japan lidadzamulemekeza mu 1955 pomutcha chuma chamoyo cha dziko. Mutu ndi ziwalo za zidole zambiri adaziumba ndi utuchi wa mtengo wa kiri wosakaniza ndi phala lomatira. Pamwamba pake adapakapo gofun, ndiye kuti ufa woyera wa zigoba za m'nyanja wosakaniza ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa za nyama. Ankapaka, kuumitsa, kusalaza, n'kupakanso kambirimbiri, mpaka nkhope itaŵala ngati khungu la mwana. Maso adali agalasi, tsitsi lidali la munthu. Chovala chidali kimono ya silika, yojambulidwa maluŵa ndi mbalame, yokhala ndi zizindikiro zakezake, ndi lamba wamkulu wotchedwa obi. Chidole chilichonse chidanyamuka ndi katundu wonga wa mkwatibwi: timabokosi, tiziŵiya ta tiyi, ambulera, nyali ndi nsapato. Mtengo wa chimodzi pamodzi ndi katundu wake udali ngati 350 yen, ndalama zoposa malipiro a mphunzitsi a miyezi ingapo.

Maina a zidolezo ali ndi phunziro lake. Zidole 47 zidatchedwa maina a zigawo za Japan, 6 maina a mizinda ikuluikulu, chimodzi chidaimira dziko lonse, ndipo 4 zidaimira Korea, Taiwan, Karafuto ndi Kwantung, maiko amene Japan ankaŵalamulira pa nthaŵiyo. Dziko limene linkalira kuti lanyozedwa ndi America, lomwelo lidali litapondereza anzake, ndipo lidaŵaveka kimono n'kuŵatumiza kunja ngati ana ake. Mbali imeneyi ya mbiri siyenera kubisidwa, pakuti wonyozedwa angathe kukhalanso wonyoza.

Zidole 58 zija zidafika ku San Francisco mu Novembala 1927. Zidayendetsedwa m'mizinda yambiri, anthu akubwera mwaunyinji kudzaziona, kenaka zidagaŵidwa ku nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi ku malaibulale. Chimene chidaimira dziko lonse chidapita ku Smithsonian mu mzinda wa Washington. Pa ulendowo, popakira ndi popakula, anthu osadziŵa kuŵerenga Chijapani adasokoneza timatabwa ta maina ndi katundu, kotero kuti zidole zambiri zidakhazikika ndi maina a zinzake.

Pamene mlendo adasanduka mdani

Mtendere umene Gulick ndi Shibusawa ankaulakalaka sudakhalitse. Mu Sepitembala 1931 asilikali a Japan adayamba kulanda Manchuria, ndipo patangopita miyezi iŵiri Shibusawa adamwalira. Mu 1937 nkhondo idabuka ndi China. Pa 7 Disembala 1941 ndege za Japan zidaphulitsa Pearl Harbor, ndipo maiko aŵiri aja adakhala adani.

Pofika 1943 zidole za maso a buluu zidayamba kutchedwa akazitape a mdani. Nyuzipepala ya Mainichi idafalitsa nkhani yosonkhezera chidani pa zidolezo, ndipo m'sukulu zambiri zidatulutsidwa pabwalo. Zina zidatenthedwa, zina zidabayidwa ndi nthungo za nsungwi, zina zidatayidwa m'madzi, ana akuonerera, mwinanso akuchita nao. Tiganize pang'ono za mabwalo amenewo. Padali patangopita zaka 16 chichitikire mwambo wolandira alendo aja, pa sukulu zomwezo. Kamnyamata kamene kadaimba nyimbo yolandira chidole kali ndi zaka 8, mu 1943 kadali mnyamata wa zaka 24, msinkhu wonyamula mfuti. Amene adalamula kutentha zidolewo adadziŵa chinthu chomwe chija Gulick adadziŵa, chakuti mtima wa mwana umaumbidwa ndi zimene manja ake achita. Wina adaika singano m'manjamo, wina adaikamo nthungo.

Komabe si onse adamvera. Aphunzitsi ena ndi antchito a pasukulu adatenga chidole mwakachetechete, n'kuchibisa kudenga, kuseri kwa makabati kapena kunyumba kwao, pa nthaŵi imene kuoneka wokonda chinthu cha mdani kukadatha kumuika munthu m'mavuto aakulu. Lero ku Japan kukupezeka zidole zoposa 300 mwa 12,739 zija, ndiye kuti pafupifupi chimodzi pa 40 zilizonse. Zina zidapsa ndi mabomba pamene mizinda inkaphulitsidwa, zina zidangotha ndi ukalamba, koma zambiri mwa zotsalazo zilipo chifukwa padapezeka munthu wokana kupha mlendo.

Ku America nako zidole za Chijapani zidachotsedwa pamaso pa anthu n'kutsekeredwa m'zipinda zosungiramo katundu, kumene zina zidaiŵalika, zina zidasoŵa. Koma mu mzinda wa Raleigh, ku North Carolina, chidole chotchedwa Miss Kagawa chidasiyidwa poonekera nkhondo yonse. Pambali pake adaikapo chikwangwani chodzudzula atsogoleri a nkhondo a Japan, chimene chidanenanso kuti anthu wamba a dzikolo ali ndi mtima wabwino, ndipo umboni wake ndi chidolecho. Gulick adamwalira mu Disembala 1945, miyezi inai mabomba atagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki. Lamulo lotsekera Ajapani khomo lidakhalapobe mpaka 1952.

Ntchito ya wokonza

Kwa zaka pafupifupi 30 nkhani ya zidolezi idakhala chete. Mu 1973 wailesi yakanema ya NHK idaulutsa mbiri ya chidole chotchedwa Mary, chimene mphunzitsi wina adachibisa pa sukulu ina ya m'chigawo cha Gunma. Anthu ataona zimenezo adayamba kufufuza m'makabati ndi m'madenga a sukulu zao, ndipo zidole zidayamba kutuluka chimodzichimodzi. Chaka chotsatira, mu 1974, chidole chodziŵika ndi dzina la Miss Hiroshima, chosungidwa ku Baltimore, chidapita kukacheza kwao. Zina zidatsatira m'zaka za pambuyo pake, monga Miss Mie wa ku Nebraska, amene mu 2009 adapita ku Japan kukakonzedwa ndi kukaonetsedwa kwa anthu a m'chigawo cha Mie. Ajapani ulendo wotere amautcha satogaeri, liu limene amanenera mkazi wokwatiwa akapita kukaona makolo ake. Mwa zidole 58 zija, zoposa 45 zidapezeka kumene zili.

Kodi chidole chimadwala chiyani? Utuchi wa m'kati umafufuma kukakhala chinyezi ndipo umafota kukauma, pamene gofun wa pamwamba ndi wolimba, satambasuka. Nyumba za ku America zimatenthetsedwa m'nyengo yozizira, mpweya n'kuuma kwambiri, ndiye khungu lija limang'aluka m'khosi, m'masaya ndi m'zala, mwina mpaka kusendeka. Silika amafwifwa ndi kufumbutuka akakhala pa kuŵala nthaŵi yaitali, ndipo tizilombo timadya nsalu ndi tsitsi. Zidole za ku America nazo, pokhala za utuchi ndi guluu, zimachita timing'alu tambirimbiri pa utoto, ndipo kachipangizo kolira kaja kamaleka kulira.

Wokonza amayamba ndi kuvula chidolecho mosamala, akulemba ndi kujambula zonse zimene wapeza. Amachotsa fumbi la zaka zambiri, amamatanso zidutswa zimene zayamba kusendeka, amadzaza ming'alu ndi gofun wosakaniza monga ankasakanizira amisiri akale, amadikira kuti aume, amasalaza, ndipo potsiriza amafananiza mtundu wa pokonzedwapo ndi khungu lozungulira. Ntchitoyi siifuna liŵiro, pakuti kuthamanga sikufika. Ndipo pali mwambo umene wokonza weniweni amausunga: chimene chingapulumutsidwe sachichotsa. Kukadakhala kwapafupi kuumba mutu watsopano ndi kusoka kimono yatsopano, koma chotulukapocho chikadakhala chidole china chonyamula dzina la mnzake. Nsalu yofooka amaichirikiza ndi nsalu ina kunsi kwake, ndipo ngati pafunika kusoka chovala chatsopano, chakalecho amachisunga padera. Kadiresi kofwifwa ka chidole cha ku America, ngakhale msoko wake ukhale wokhotakhota, ndiko kokha katsala kotiuza kuti kudali mwana wina amene adakhala pansi n'kusokera mnzake wa kutsidya la nyanja.

Kuvula ndi kufufuzaku kwathandizanso kuongola mbiri. Pa thupi la zidole zambiri za Chijapani pamapezeka kapepala kolembedwa dzina la mmisiri, ndipo zizindikiro za pa kimono ndi pa katundu, akaziyerekeza ndi zithunzi zojambulidwa mu 1927, zimaulula chigawo chimene chidolecho chidaimira poyamba. Mwa njira imeneyi zidole zina zimene zidakhala zaka makumimakumi ndi maina olakwika zidadziŵika kwao kwenikweni.

Singano ija idatoledwanso ndi a m'banja la Gulick. Mdzukulu wake, Sidney Gulick wachitatu, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Maryland, adapita ku Japan mu 1986, chaka chimene nyumba yosungiramo zidole ya ku Yokohama idatsekulidwa. Kuyambira pamenepo iye ndi mkazi wake Frances adayamba kutumiza zidole zatsopano ku sukulu za ku Japan, chilichonse ndi pasipoti yake ndi zovala zosoka pamanja, monga zidachitikira m'masiku a agogo ake.

Kodi zidapindula chiyani?

Tibwerere tsono ku funso lathu lija. Tikaŵeruza poyang'ana cholinga cha Gulick, zidolezo zidalephera: lamulo silidasinthe, nkhondo idamenyedwa, anthu mamiliyoni adafa. Tisanamize ana athu kuti mphatso ndi nyimbo zingathe kuimitsa ankhondo. Mtendere umafunanso malamulo achilungamo ndi atsogoleri oopa kukhetsa mwazi, ndipo zimenezi chidole sichingapereke.

Koma pali chimene zidolezo zidachita. Pa sukulu iliyonse imene idalandira chidole, tsiku lidafika pamene munthu wamba adayenera kusankha pakati pa kumvera khamu ndi kusunga mwambo wolemekeza mlendo. Mphunzitsi wa kumudzi sakadatha kuletsa nkhondo, koma akadatha kukana kuphunzitsa ana ake kubaya nkhope ya mwana. Oŵerengeka adakana, ndipo chifukwa cha iwo Ajapani ndi Aamereka a m'badwo wotsatira, pofuna kuyambanso kulankhulana, adapeza kanthu kogwirika kotsimikiza kuti chidani sichidameze onse. N'chifukwa chake mmisiri amatha miyezi pa mng'alu wa m'tsaya la chidole: akusamala mboni, ndipo mboni ikafa mlandu umaiŵalika.

Mu 2027 zikwana zaka 100 chichitikire zonsezi. Ife amene tili ndi ana m'nyumba, m'kalasi ndi m'mudzi, tiyenera kudzifunsa za mau amene timalankhula ana akumva, ponena za anthu a mtundu wina, a chigawo china kapena a dziko lina. Mwana saŵerenga malamulo a boma, koma amaona chimene akuluakulu amulola kunyoza ndi chimene amuuza kusamala, ndipo pakapita zaka 16 amakhala atakula.